Mayi Mabotolo Akana Kusaina

Chipinda choyezera madzi chinali kumapeto kwenikweni kwa khonde la ofesi ya madzi ya mzinda, kupitirira kosungira mapaipi, kumene mlendo sankafika pokhapokha atasochera. Munali tebulo lalitali la simenti, sinki yodontha, mashelefu a mabotolo agalasi, ndi kabokosi kachitsulo kamene mkati mwake munkafunda ngati pansi pa nkhuku yofungatira mazira. Mwini chipindacho anali mayi wina wamfupi, wovala magalasi, wa mawu owerengeka. M'makwalala ankamutcha Mayi Mabotolo, chifukwa Lolemba lililonse ankazungulira mipopi ya mumzinda ndi chikwama cholira gobede gobede, kutunga pano pang'ono, apo pang'ono, ngati wopemphetsa.

Ntchito yake sinali yovuta kuimvetsa. Madziwo ankawasefa pa kapepala koyera kozungulira, kapepalako n'kukaika m'kambale, kambaleko n'kukatsekera m'kabokosi kofunda kaja mpaka m'mawa mwake. Kapepala kakatuluka koyera, madzi ndi abwino. Kakatuluka ndi timadontho tachikasu, ndiye kuti zam'chimbudzi zalowa m'paipi. Lachisanu ankasaina chikalata chotsimikiza kuti madzi a sabata imeneyo ndi oyenera kumwa. Anachita zimenezi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo anthu zikwizikwi amene sankaidziwa n'komwe nkhope yake ankamwa madzi podalira dzanja lakelo.

Lachiwiri lina m'mawa anatsegula kabokosi, natulutsa timbale khumi ndi tiwiri. Tonse tinali toyera kupatula kamodzi. Kapepala ka madzi a kumpopi wa kumunsi, kudera la nyumba zothinana kumene anthu amatunga pamzere, kanali ndi madontho thoo, ngati nkhope ya mwana wa chikuku. Mayiyo anapukuta magalasi, nayang'ananso. Anadziuza kuti mwina botolo silinatsukidwe bwino, choncho anakatunganso ena ndi kuyezanso. Lachitatu madontho anatuluka ochuluka kuposa dzulo lake.

Tsiku lomwelo anatengana ndi pulambala wamkulu wa paofesipo, bambo wa imvi amene ankadziwa paipi iliyonse ya mumzinda ngati mitsempha ya pamkono pake. Analondola paipi ya kumunsi mpaka pakamlatho kena, pamene inkadutsa m'ngalande ya zonyansa. Pulambala anavula nsapato, nalowa m'matopemo, napapasa pansi. Potulutsa dzanja anapukusa mutu.

"Yang'ambika apa, mayi, mng'alu wake wolowa zala ziwiri. Madzi akamayenda, amatulukira panja. Koma mukudziwa kuti kumunsi kuno timawatsekera masana onse. Paipi ikakhala yopanda kanthu imapuma ngati munthu, imakoka chilichonse chili pafupi ndi pakamwa pake. Madzulo tikatsegula, zonsezo zimapita kumpopi."

"Kukonza kungatenge masiku angati?"

"Atatu. Koma mpaka titseke mbali yonse ino ya mzinda, ndi kumtunda komwe."

Amene akanalamula kuti atseke anali bwana wa ofesiyo, ndipo bwanayo anali mlamu wake wa Mayi Mabotolo, mwamuna wa mkulu wake. Makolo atamwalira, mayiyu anakulira m'nyumba ya banja limenelo. Mlamuyo ndiye ankamunyamula pa njinga yamoto kupita naye kusukulu, ndiye ankamuseka kuti akadzakula adzamukwatira ngati mkazi wachiwiri, ndiyenso anamulimbikitsa kuphunzira zoyeza madzi. Sanali munthu wankhanza. Vuto lake linali limodzi: kwa chaka chathunthu ankangogwirizira mpando wa ubwanawo, ndipo m'masiku khumi akuluakulu a khonsolo ankabwera kudzatsegulira thanki yatsopano ya paphiri ndi kumukhazika pampandopo kotheratu.

Mayi Mabotolo analowa mu ofesi ya bwana, naika kambale patebulo, pakati pa mapepala oitanira alendo kumwambo.

"Alamu, ndiye mwandibweretsera chiyani? Maswiti?" anatero bwana akuseka.

"Ndabwera ngati wantchito, bwana. Madzi a kumunsi aipa. Ndayeza kawiri. Paipi yang'ambika pakamlatho, apulambala aiona ndi maso awo. Titseke lero, tilengeze kuti anthu aziwiritsa madzi, tiwatumizire magalimoto a madzi mpaka paipi ikonzedwe."

Kuseka kuja kunazima. Bwana anadzuka, natseka chitseko.

"Titseke sabata ino? Matenti tabwereka kale, alendo taitana kale. Abwere kudzadula riboni ya thanki pamene theka la mzinda lilibe madzi, wailesi ikulengeza kuti tikumwetsa anthu zam'chimbudzi? Ayi. Ndiuza anyamata awonjezere kolorini. Mwambo ukangotha, m'mawa mwake tikumba."

"Mankhwala timathira kumtunda, bwana. Zonyansa zikulowera kumunsi. Kuli ngati kusambitsa mwana kumutu pamene wakhala m'matope."

"Masiku khumi okha, alamu. Paipiyo siinang'ambike dzulo, ndipo palibe wafa. Anthu a kumunsi aja mimba zawo n'zachitsulo."

"Akuluakulu kapena. Nanga ana?"

Bwana anakankhira kambale kumapeto kwa tebulo ndi nsonga ya cholembera. "Ndamva. Pitani mukagwire ntchito."

Lachisanu mesenjala anabweretsa chikalata cha sabata, chotayipidwa kale, chonena kuti madzi a mipopi yonse khumi ndi iwiri ndi abwino. Panatsala pa siginecha pokha. Mayi Mabotolo anachiwerenga mpaka pansi, natenga cholembera chofiira, nalemba chopingasa pamzere wa mpopi wa kumunsi kuti: OSAYENERA KUMWA. Kenako anachitengera yekha kwa bwana.

"Chosainacho ndi ichi," anatero. "Chonena kuti mipopi yonse ndi yabwino, ayi."

"Mukudziwa kuti mukulankhula ndi ndani?"

"Ndikudziwa. Ndi inu amene munandiuza tsiku loyamba ntchito kuti dzanja langa likanama, mzinda wonse wamwa bodza. Lero mukufuna ndiiwale? Dzanja ili mulidule ngati mukufuna, koma silisaina."

Bwana anang'amba chikalatacho pakati, natulutsa china choyera m'dirowa, nasaina yekha pamalo pa woyeza madzi. Atatero anatambasula dzanja. "Makiyi a chipinda chanu. Mwatopa, alamu, mutu wanu sukuyenda bwino. Mukapume mwezi umodzi."

Mayiyo anaika makiyi patebulo mwakachetechete. Potuluka anangotenga chikwama chake ndi kope lake lachikuto chakuda, mmene ankalemba ndi dzanja zotsatira za tsiku lililonse. Sanapite kunyumba. Anadutsa kusitolo ya zomangira, nagula kachitini ka penti ndi burashi, nalunjika kumunsi.

Mpopi wa kumunsi unali kanyumba ka njerwa ka mipopi inayi, ndipo ankauyang'anira mayi wina wamtali, woseka mokweza, amene aliyense ankamutcha Make Mapasa. Mwamuna wake anali dalaivala wa malole, wobwera kunyumba kamodzi pamwezi. Mapasawo anali atsikana a zaka zinayi, ofanana ngati madontho awiri a mvula, kungoti wina pakamwa sipankatsekeka ndiye anamutcha Kaphokoso, winayo Kachete. Tsiku lonse ankasewera m'matope a pampopipo, kutunga madzi m'tizitini ndi kumwetsa zidole zawo, iwonso n'kumamwako.

"Mayi Mabotolo! Lero si Lolemba," anafuula Make Mapasa. "Kapena mabotolo akuswekerani?"

Mayiyo anamukokera pambali namufotokozera zonse, osabisa ngakhale zoti amuchotsa pantchito. Kenako anatsegula penti, nalemba pakhoma la kanyumbako ndi zilembo zazikulu: WIRITSANI MADZI AWA MUSANAMWE. Madzulo mzere wa ndowa utatalika, anayenda kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, akubwereza mawu omwewo kwa munthu mmodzimmodzi. Ena anamvera. Ena anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Makala ake mutigulira ndinu?" anafunsa mayi wina. "Tikuvutika kupeza ophikira, ndiye tiwonongere madzi?"

"Ngati madzi aipa, bwanji ofesi yanu siikulengeza?" anatero bambo wina wa njinga yonyamula zigubu. "Mesa muli ndi wailesi inu?"

Loweruka Mayi Mabotolo analemba kalata, ndipo Lolemba anakaipereka yekha kunthambi ya zaumoyo ya khonsolo. Mkulu wa kumeneko anaiwerenga, naimbira foni bwana wa zamadzi. Bwanayo anayankha mofatsa kuti n'zomvetsa chisoni, mayiyo ndi mlamu wake, pali kusamvana kwa m'banja, ndipo chikalata cha sabata chilipo, chosainidwa bwinobwino. Mkulu wa zaumoyo anati pepani bwana, za m'banja sitilowerera, naika kalatayo pansi pa mafayilo ena.

Lachiwiri galimoto ya ofesi ya madzi inatsikira kumunsi ili ndi chimkuzamawu padenga. Inazungulira makwalala onse, fumbi lili kobo, ikulengeza kuti madzi a mumzinda ndi aukhondo, oyezedwa ndi akatswiri, ndipo anthu asamvere mphekesera za munthu wina wokhumudwa amene anachotsedwa ntchito. Itafika pampopi, munatuluka kapitawo ndi ndowa ya laimu. Anauza Make Mapasa kuti khomalo ndi la ofesi, ndipo ngati zilembozo zigona pamenepo, makiyi a mpopi apatsidwa munthu wina. Make Mapasa anayang'ana ana ake, nayang'ana ndowa ya laimu, natenga burashi.

Mayi Mabotolo atafika madzulo anapeza khoma lili mbuu.

"Musandiyang'ane choncho," anatero Make Mapasa, maso ali pansi. "Mpopi uwu ndiye munda wanga. Ndawiritsa masiku anayi, makala atha. Tsono ndimvere ndani? Inu mwabwera wapansi, iwo abwera pagalimoto ya boma, ndi chidindo pachitseko. Boma lingamwetse anthu ake zoipa likudziwa?"

"Lingathe," anayankha Mayi Mabotolo. "Ndaliona ndi maso angawa. Mawa ndikubweretserani makala. Ana okhawo asamwe osawiritsa."

Makalawo anabweretsadi, koma dera la nyumba mazanamazana silingafunde ndi thumba limodzi, ndipo mwana wa zaka zinayi wosewera pampopi sadikira ketulo. Tsiku lililonse mayiyo ankaima pamzere paja ndi uthenga wake womwewo, mpaka ana a m'deralo anayamba kumuyeserera kalankhulidwe.

Lachinayi kunyumba kwake kunafika mkulu wake, atavala bwino ngati wopita kutchalitchi. Sanalole n'komwe kukhala pampando.

"Iwe, ukufuna kutivula pagulu? Alamu ako sakugona, sakudya. Anthu akundiloza kumsika. Munthu anakulera ngati mwana wake, lero ukumuyika chala m'diso chifukwa cha timadontho?"

"Asisi, timadontho timeneto ndi manyi a anthu. Ali m'madzi amene ana akumwa."

"Akonza Loweruka likangodutsa, anakuuza kale! Sungathe kutseka pakamwa masiku awiri okha?"

"Matenda akanakhala kuti amawerenga kalendala ya alamu, ndikanatseka."

Mkulu wakeyo anamenyetsa chitseko, galasi la pawindo linachita kunjenjemera.

Loweruka paphiri panali chisangalalo. Matenti oyera, mipando yokutidwa nsalu, gulu la malipenga, thanki yatsopano itamangidwa riboni ngati mkwatibwi. Bwana wa zamadzi, atavala suti yatsopano, analankhula za madzi aukhondo kwa munthu aliyense, ndipo anthu anawomba m'manja. Kuchokera paphiripo dera la kumunsi linkaoneka bwinobwino, malata ake akunyezimira padzuwa. Chomwe sichinkaoneka ndi mawilibala ndi njinga zimene kuyambira mbandakucha zinkakhamukira kuchipatala chaching'ono cha m'deralo, zitanyamula anthu otsegula m'mimba ndi kusanza, maso atalowa m'kati. Pofika masana mabedi anali atadzaza, odwala ena atagonekedwa pakhonde, mabotolo a diripi atapachikidwa pamisomali ya mawindo.

Make Mapasa anafika kumeneko akuthamanga wopanda nsapato, Kaphokoso ali kumsana, Kachete ali m'manja. Onse awiri anayamba usiku wa Lachisanu. Namwino anapeza mtsempha pamkono wa Kachete. Pa Kaphokoso anafunafuna, pamkono, paphazi, pamutu, koma mitsempha inali itaphwa. Mwana amene pakamwa pake sipankatsekeka anangoti "amama, ludzu," kamodzi kokha, ndipo malipenga a paphiri akumveka chapatali, anatsirizika pamiyendo pa mayi ake.

Mayi Mabotolo anamva kulirako ali pachipata. Sanalowe kukapepesa. Anafunsa kumene kunali dokotala wamkulu, nakankha chitseko osagogoda, natsegula kope lake lakuda patebulo. Anamuonetsa masiku, zotsatira, ndi dzina la mpopi. Dokotalayo, thukuta lili kamukamu, anawerenga masamba awiri okha, natenga foni. Sanaimbire ofesi ya madzi. Anaimbira akuluakulu a zaumoyo a pamwamba pa khonsolo, ndipo dzuwa lisanalowe mbali yonse ya mzinda inatsekedwa, kumtunda komwe, magalimoto a madzi n'kuyamba kutsika. Pulambala wa imvi uja analowa m'ngalande ndi anyamata ake, ndipo paipi inakonzedwa m'masiku atatu, monga ananenera. Koma pamene matendawo ankatha, m'deralo munali mutatuluka maliro asanu ndi awiri, asanu mwa iwo a ana.

Boma linakhazikitsa komiti yofufuza. Lamulungu masana, tsiku loti mawa Mayi Mabotolo akaonekera kukomitiyo, pakhomo pake panaima galimoto. Anatsika mlamu wake ndi mkulu wake. Bwanayo anali ataonda, kolala ya shati ikuchita kulendewera. Anakhala pamphepete pa mpando, manja ali pakati pa mawondo.

"Alamu, ndinalakwa. Ndikuvomera, pano palibe wachilendo. Sindinkafuna kuti munthu afe, Mulungu ndi mboni. Ndikupempha chinthu chimodzi chokha. Mawa mukanene kuti kabokosi kanu kaja kankavutavuta, moti zotsatira sizinali zotsimikizika. Basi. Simukunamizira munthu. Akanena kuti inali ngozi, nkhani n'kuthera pomwepo."

"Kabokosi kanga kalibe vuto."

"Ndikudziwa. Koma akufa aja sadzuka ngakhale ine nditamangidwa. Ganizirani ana anga, ana a mkulu wanu."

"Ndikuwaganizira. Ndikuganiziranso bwana amene adzakhale pampandopo inu mukachoka. Akadzamva kuti anthu asanu ndi awiri anafa ndipo mlandu unagwera kabokosi, adzaopa chiyani?"

Mkulu wake anadzuka, misozi ili chuchuchu. "Unadya m'nyumba mwathu iwe! Unagona pabedi langa, unavala zovala zanga!"

"Ndinadya, asisi, ndipo sindidzaiwala mpaka kumanda. Mukadzasowa pogona, nyumba ino ndi yanu, ana ndidzawaphunzitsa ine. Koma munanditumiza kusukulu kuti ndikaphunzire kuyeza madzi, osati kuyeza nkhope za anthu. Mawa ndikanena zomwe ndinaona."

Ndipo anakanenadi, osawonjeza, osachotsa. Pulambala naye anaikira umboni. Ngakhale mesenjala anafotokoza za chikalata chong'ambidwa chija, chimene anachitola m'bini n'kuchisunga osadziwa kuti akusungiranji.

Akuluakulu a khonsolo ataona kuti moto wayandikira madenga awo, anapangana zozimitsa. Anagwirizana kuti bwanayo asamutsidwire kunthambi ina mwakachetechete, koma ayambe wapita kumunsi kukapepesa pamaso pa anthu, kuti mitima itsike. Anakhoma tenti pabwalo la pafupi ndi mpopi, nabweretsa mipando, mabulangete oti agawire mabanja oferedwa, ndi wojambula zithunzi. Anthu anabwera ochuluka, koma mipando yambiri inakhala yopanda anthu. Anasankha kuimirira, manja atapinda pachifuwa.

Wapampando wa khonsolo analankhula za umodzi ndi kukhululukirana. Kenako bwana wa zamadzi anaimirira ndi pepala m'manja. Anawerenga kuti ofesi ikupepesa kwambiri chifukwa cha zovuta zimene zinagwa mosayembekezereka. Atafika pamenepo anaima, napinda pepalalo, nayang'ana anthu.

"Abale anga, pepani. Ndinalakwa ine. Pepani."

Mawu amenewo anatuluka pansi pa mtima, ndipo aliyense anamva kuti sanali a papepala. Amayi ena anayamba kusisima. Wapampando anakodola wojambula, naitana dzina loyamba kuti lidzalandire bulangete. Linali la Make Mapasa.

Mayiyo anayenda pang'onopang'ono, atagwira Kachete padzanja. Anali atameta, mpango wakuda uli kumutu. Bulangete sanaliyang'ane. Anaima patsogolo pa bwana, ndipo polankhula sanakweze mawu, koma anamveka mpaka kumbuyo.

"Bwana, mwati mosayembekezereka. Munadziwa liti?"

Bwana anacheukira kwa wapampando.

"Ndikufunsa tsiku. Munadziwa liti kuti madzi aipa?"

"Lachitatu... kutatsala sabata ndi theka kuti titsegulire thanki."

"Masiku khumi mwana wanga asanafe. Ndipo munatuma galimoto kudzatiuza kuti timwe. Munandipatsa burashi kuti ndifufute chenjezo ndi dzanja langa. Madzi amene anapha mwana wanga ndinatsegula ndine, amene anapha ana a anzangawa ndinawathirira m'ndowa ndine, ndikuseka nawo. Zimenezo ndidzafa nazo. Tsono uyu," anakweza dzanja la Kachete, "pogona amasiya malo kukhoma, akuti mnzake akabwera asasowe pogona. Pakudya amagawa pawiri. Pepani wanuyo ndikamugoneke mbali iti? Ndikamupatse mbale iti?"

Wapampando anayesa kulowererapo. "Mayi, tonse tikumva ululu wanu, koma munthu akapepesa..."

"Akapepesa, ndamva. Kukhululuka ndi nkhani ya ine ndi Mulungu wanga, ndipo tsiku lake ndidzasankha ndekha, osati pamaso pa kamera yanu. Koma mlandu si wanga ndekha woti ndingautaye. Ukalowe kukhoti. Ndipo amene analandira kalata n'kuikhalira, nayenso akayankhe. Bulangete lanulo mukafunditse chikalata chabodza chija, chikuzizidwa."

Anatembenuka, nabwerera m'gulu. Dzina lachiwiri litaitanidwa, palibe anasuntha. Lachitatu chimodzimodzi. Bambo wa njinga ya zigubu uja, amene anaika m'manda mdzukulu wake, anafuula kuti, "Kukhoti!" ndipo bwalo lonse linayankha. Mayi Mabotolo, amene anaima kumbuyo kwenikweni, anadutsa pakati pa anthu mlamu wake akuona, mkulu wake akuona ali m'galimoto, nakaima pambali pa Make Mapasa.

Mabulangete anabwerera m'galimoto momwe anabwerera. Mabanja asanu ndi awiri aja anayenda ulendo wa kukhoti miyezi khumi ndi inayi, mlandu ukuimitsidwa, ukuyambanso, mafayilo akusowa, akupezeka, koma tsiku lililonse la mlandu benchi yakutsogolo inkadzaza ndi mipango yakuda. Pamapeto pake bwanayo anachotsedwa ntchito ndipo analamulidwa kukakhala kundende. Mkulu wa zaumoyo uja naye anatsika pampando. Khonsolo inakakamizidwa kukhazikitsa lamulo loti woyeza madzi akapeza choipa azilengeza yekha tsiku lomwelo, osadikira chilolezo cha bwana aliyense.

Mayi Mabotolo anabwerera pantchito yake. Paofesi ena ankamupatsa moni ndi manja awiri, ena ankasiya kulankhula iye akalowa. Mkulu wake akakumana naye kumsika ankatembenukira kumbali n'kumasankha tomato amene sankafuna kugula. Zinkamupweteka, ndipo sankabisa kuti zikumupweteka, koma munthu akamufunsa ngati akanachita mosiyana, ankayankha kuti inde: akanapita kwa dokotala tsiku loyamba lomwelo, osataya masiku ndi makalata.

Kundende, bwana wakaleyo analemba makalata atatu opita kwa Make Mapasa, onse oyamba ndi mawu amodzimodzi. Mayiyo anawawerenga onse, nawapinda bwino, nawaika pansi pa sutikesi. Sanawang'ambe, sanawayankhe. Chaka chotsatira, tsiku loyamba sukulu, anaveka Kachete yunifolomu, namuperekeza mpaka pachipata. Mphunzitsi wolemba mayina anafunsa ngati mwanayo ali ndi m'bale wake pasukulupo. Kachete anayang'ana mayi ake, kudikira kuti ayankhe ndi iwo. Make Mapasa anati, "Lembani mmodzi."

Amene wapatsidwa udindo wosunga moyo wa anthu achite chilungamo nthawi ikadalipo, pakuti mawu okoma obwera pambuyo pa maliro sabweza mpweya wa munthu. Akuluakulu sananame pamene anati pepani sapoletsa chilonda.